Nyali za pa ukwati wa Lusungu

Ndinali ndi zaka khumi pamene mkulu wanga Lusungu anakwatiwa, ndipo mpaka lero ndikaona nyali zothwanima pa ukwati, mtima umandiwawa. Tinkakhala ku Chiweta, m'mbali mwa msewu waukulu, kumene amama ankayanika usipa pathandala n'kumagulitsa kwa apaulendo.

Lusungu anali ndi khunyu. Pakhomo pathu dzina la matendawa silinkatchulidwa, tinkangoti zija zamupeza. Sankaphika yekha pamoto, kunyanja sankapita popanda ine, ndipo mapiritsi ake a kuchipatala amama ankawabisa m'chitini cha tiyi. Chimene chinkamudzutsira matendawo kwambiri chinali kuwala kothwanima. Tikakwera minibasi pa chitunda cha Chiweta, dzuwa likamaphethira m'mitengo, iye ankadzifunda chitenje kumaso mpaka tikafike pamwamba.

Mwamuna amene anamufunsira anali a Vitumbiko, mphunzitsi wa ku Henga, mwana wa mkulu wa mpingo. Anali munthu wofatsa, wokonda kudabwitsa anthu ndi mphatso. Chitenje chakumaso chija iwo ankachiyesa manyazi a chinamwali, ndipo ankaseka nacho. Amama anandiitanira kuseri kwa thandala n'kundikoka khutu, nati za m'nyumba sizituluka, ndikangoyerekeza kutsegula pakamwa ndiye kuti ukwati wa mkulu wanga ndaupha ndine. Mantha awo anali omveka. Anali ataona atsikana akukalamba pakhomo chifukwa cha matenda omwewa, komanso Lusungu anali atakhala nthawi yaitali osagwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Madyerero anachitikira mu holo ina pa boma la Rumphi, masana dzuwa likuswa mtengo. Titachoka kutchalitchi tinapeza mawindo onse atamatidwa mapulasitiki akuda. Adada anafunsa ngati kuli maliro, koma anyamata awiri ochokera ku Mzuzu anaseka, nati nyali zawo sizioneka padzuwa, nkuyenera kuchita mdima. Imeneyi ndiyo inali mphatso yachinsinsi ya a Vitumbiko kwa mkazi wawo. Ankafuna kuti mwana wa msodzi alowe mu holo ngati akwati a m'tauni.

Ine ntchito yanga inali kugwira mchira wa diresi. Titangoponda pakhomo, makina ena anafwentha utsi wonunkhira ngati shuga wopserera, ndipo mu utsimo munadutsa timizere tobiriwira ta kuwala, toongoka ngati ulusi, tikuyendayenda padenga ndi pamitu ya anthu. Kunena zoona, zinali zokongola. Nthungululu zinamveka holo yonse, azimayi a ku Henga akuti izi n'zabwino chomene. Ndinaona amama akudzuka pampando wawo, akuyesa kudutsa pakati pa anthu ovina, koma ndani akanawamva m'phokoso limenelo?

Kenaka anyamata aja anayatsa nyali yoyera yong'anima ngati mphezi, yosalekeza. Manja onse a Lusungu anali ndi ntchito, lina maluwa, lina mkono wa mwamuna wake, ndipo chitenje analibe. Ndinamva nsalu ikukoka m'manja mwanga. Anauma thupi, nalira kulira kuja ndinkakudziwa, n'kugwa pasimenti.

Anthu anabalalika ngati aona njoka. Wina anakuwa kuti asamukhudze malovu, amapatsirana. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumuphimba kumaso, wina akufunafuna supuni yoti amuike m'kamwa. Nyali ija inali ikung'animabe, chifukwa anyamata aja sankaona kanthu mu utsi wawo womwe. Adada ndiwo anathamangira pawindo n'kung'amba pulasitiki, dzuwa n'kulowa.

Amama anagwada, namugoneka chammbali, napinda chitenje chawo n'kumutsamiritsa, namasula zipi ya diresi, nakankha dzanja la mwini supuni uja. Zonsezi anachita mosanjenjemera, ndipo ine ndinali nditamuvula kale nsapato osauzidwa. Luso lathu lomwelo ndilo linatiulula. Ankhazi a mkwati, mlongo wa bambo ake, anaima chapafupi akutiyang'ana, kenaka anati, "Manja awa sakuyamba lero ntchito imeneyi."

Lusungu atatsitsimuka tinamutulutsira pamthunzi, diresi itada, iye osadziwa kumene ali. A Vitumbiko anamupukuta pakamwa ndi mpango wawo, anthu akuona. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangotembenukira kwa amama ndi maso ofiira.

"Amama, nyali zimenezi ndazifunafuna ndekha kuti mwana wanu asangalale. Mukanandiuza mawu amodzi okha, sindikanazibweretsa."

Amama anangoti yewo, maso ali pansi.

Lusungu anapitabe ku Henga monga mwa mwambo, koma anakakhala ngati mlendo wodwala. Anamupatsa mbale ndi kapu yakeyake, sankaloledwa kuphikira apongozi kapena kunyamula khanda la mlamu wake. A Vitumbiko anayesetsa, ankamuperekeza okha kuchipatala. Koma Lusungu anadzandiuza patapita zaka kuti chimene chinamutopetsa si kapu ija ayi, koma funso la mwamuna wake, lobwera mofatsa nthawi ndi nthawi, loti kodi pali chinanso chimene sanamuuze. Mvula isanagwe chaka chimenecho, anatsika minibasi pa Chiweta ndi chikwama chake, n'kubwerera kuthandala.

Ndili mwana ndinkada nyali zija, ndinkada ndi anyamata a ku Mzuzu omwe. Lero ndikudziwa kuti iwo anangogwira ntchito imene anaitanidwira. Amamanso sindiwaweruza, ankateteza mwana wawo m'njira imene ankaidziwa. Koma munthu amene akukukonda ukamubisira pamene pali bala lako, amadzaponda pomwepo akuyesa akukuchitira zabwino, ndipo mumapwetekeka nonse awiri.

Ine nditakula n'kupeza wanga, ndinamuuza za mkulu wanga tsiku lomwe anandifunsira. Ukwati wathu tinachita mawindo ali otsegula, popanda nyali ngakhale imodzi, ndipo Lusungu ndinamusungira mpando kutsogolo. Anabwera, atavala bwino, koma mu holo anakana kulowa. Anakhala panja pansi pa mtengo wa mango mpaka madyerero anatha, chitenje chili m'manja.