Yankho la Tisa m'kope langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala kutauni, ku Mtendere, pamene aphunzitsi a Chinyanja anatipatsa ndakatulo ya akapolo kuti tikaisanthule kunyumba. Wolankhula m'ndakatuloyo anali mayi womangidwa goli m'khosi, akumutengera kutali. Kufanizira ndinakupeza msanga, paja unyolo ankautcha njoka. Chinandikanika ndi funso lomaliza: n'chifukwa chiyani mayiyo akubwereza kanayi kuti mvula ikatha adzabwerera kwawo?

Ndinakhala pakhonde n'kumawerenga mokweza, uku Tisa akuchapa yunifomu yanga m'beseni. Tisa anali mwana wa amalume anga a ku Katete. Amayi anakamutenga atalonjeza makolo ake kuti kutauni akaphunzira, ndipo zaka zitatu zinali zitadutsa. Ankatunga madzi, kuphika, kubereka mng'ono wanga, n'kumagona pansi pafupi ndi mbaula. Ine ndinkangoti ndi mmene dziko linakhalira.

"Sakhulupirira uyo," anatero Tisa osadzutsa mutu. "Munthu amabwereza mawu akaona kuti ayamba kutha mphamvu. Ine Januwale aliyense ndimadziuza kuti ndiyamba sukulu. Chaka chino ndanena kambiri kuposa chaka chatha."

Ndinalemba zonse, ndi dzina lake lomwe, ndikunyada kuti chitsanzo chotere palibe wina akakhale nacho m'kalasi. Ndinaiwala kuti kusukulu kwathu ntchito yakunyumba sinkalandiridwa kholo lisanasaine.

Masiku onse amayi ankasaina osawerenga. Tsikulo anachokera kumsika wa ku Kamwala atatopa, ndipo cholembera chili m'manja, maso awo anagwera pa dzina la Tisa.

"Iwe Tisa, bwela kuno! Nikudyesa, nikuvalika, manje ufuna baticha bazikamba ati nisunga kapolo pa nyumba?"

Anamumenya ndi mthiko mpaka unathyoka. Tisa sanalire, ankangondiyang'ana, thovu la sopo likuumira m'manja mwake. Ndikanatha kunena kuti iye sanandiuze kuti ndilembe, koma mantha anandimanga pakamwa. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Amayi anang'amba tsambalo n'kundiuza kuti ndilembe zanzeru. Ndinalemba kuti mlakatuli amabwereza mawu pofuna kutsindika ndi kukometsa ndakatulo. Aphunzitsi anachonga ndi inki yofiira, n'kulemba kuti ndachita bwino.

Loweruka lake Tisa anakwezedwa minibasi ndi kathumba ka zovala. Sanabwerere ku Katete, chifukwa kumeneko amayi akanafunsidwa kuti sukulu ija ili pati. Anaperekedwa kwa mayi wina wa ku Chawama amene ankafuna wantchito, ndipo asanafike zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anali atakwatiwa.

Lero inenso ndine mphunzitsi, ndipo ndakatulo za ukapolo ndimaphunzitsa chaka ndi chaka. Ndikuzindikira tsopano kuti ine ndinkawerengera mizere yobwerezedwa, pamene Tisa ankamumva mayi wa m'goli uja. Ndinamubera yankho kuti ndikapambane nalo, osadzifunsa kuti nzeru yoteroyo waigula ndi chiyani, iye amene ankachapa yunifomu koma osaivala.

Mwezi watha ndinakumana naye ku Chawama akugulitsa makala, manja ali bii. Anandikumbatira, n'kundiuza akumwetulira kuti Januwale akubwerayu ayamba sukulu ya akuluakulu. Tisanasiyane anali atanena katatu.