Dorica ndi chipsera cha Orla

Dorica Kamtedza anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pawodi ya odwala TB ku Malawi asanasamukire ku Leicester. Kuno anayambiranso pansi, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba panyumba ina yowasamalira ku Evington, uku akudikira kuti mapepala ake a unamwino avomerezeke. Ankakwera mabasi awiri kuchokera ku Beaumont Leys, ndipo anzake ankamudziwa ngati mayi wofatsa, wosatsutsana ndi mabwana.

Lachiwiri lina anapeza mtsikana wachizungu atakhala pakhomo la ofesi, maso ali psuu. Anali Orla wa ku Ireland, amene ankayenera kuyamba ntchito sabata imeneyo. Pomuyeza TB anamubaya kajakisoni pakhungu, pamalopo panatupa, ndipo kampani yomwe inamupezera ntchito inangomulembera kuti asayandikire okalamba. Khadi lake la katemera linasowa kalekale. Ntchito ya kwawo anali atasiya kale.

Dorica anamufunsa ngati akutsokomola kapena kuwonda. Orla anakana. Atamupempha kuti apinde malaya, anaona kachipsera kozungulira paphewa lamanzere. Dorica anamwetulira napinda ake: chake chinali kumanja.

"Mwana iwe, ameneyu ndi katemera wa BCG woteteza ku TB, anakubaya uli khanda," anatero Dorica. "Nthawi zina ndi amene amatupitsa khungu poyeza. Sindikuti ulibe matenda ayi. Ndikuti akuyeze magazi, akujambule m'chifuwa, tidziwe zoona."

Dorica atalowa mu ofesi kukamuyankhulira Orla, Mayi Bilkis, manejala wa nyumbayo, anati fomu ya kukampani ija yanena kale, iwo sangachitepo kanthu. Dorica sanachoke. Anawafotokozera modekha za odwala mazanamazana amene anadutsa m'manja mwake, mpaka mayiwo anavula magalasi n'kumuyang'ana ngati akumuona koyamba. Anavomera kusunga malo a Orla masabata awiri.

Dorica anaimba foni kukiliniki ya TB katatu pa nthawi yopuma asanapeze womumvera. Pa tsiku lake la ofu anaperekeza Orla, n'kukhala naye pamzere mpaka dzina lake litaitanidwa. Patatha masiku khumi zotsatira zinabwera. Magazi analibe vuto, m'chifuwa munali mbee.

Mayi Bilkis atafufuza m'mafailo akale anapeza anthu ena awiri, wa ku Zimbabwe ndi wa ku Philippines, amene anabwezedwa mwa njira yomweyo. Anawaimbira foni okha. Kenako anapempha Dorica kuti alembe ndondomeko yoti aliyense wotupa khungu aziyamba wayezedwa magazi asanamubweze.

Orla anayamba Lolemba. Anathamangira Dorica kuti amukumbatire, koma Dorica analoza bedi lomwe mtsikanayo anali atangoyala.

"Kwanu mumayala chonchi? Yalula, tiyambirenso."

Gogo wa m'chipindamo anaseka mpaka misozi.