Batire la a Nakhuwa linawira pa Sabata

"Tsikani padenga langa! Mwamva? Tsikani ndisanaiwale kuti lero ndi Sabata!"

Amene ankakuwa chonchi Loweruka lapitali ndi a Nakhuwa, aneba anga, mkulu wa mpingo wa Sabata kuno kumalire a esiteti. Anali mu suti, Baibulo kukhwapa, akuchokera kutchalitchi. Ine ndinali pamwamba pa khitchini yawo, ndikuyala chiguduli pa sola yawo.

Ndinawayankha mokalipa. Ndinati, "Mukadaiwala Sabatayo m'mawa, bwenzi galimoto yanu isakuwira ngati mphika wa nyemba!"

Anthu otuluka kutchalitchi anaima pamsewu. Mayi wina anati, "Ndi wa kugalaja uja, wa mtima wapachala uja."

Inde, ndine. Koma imvani kaye chimene chinandikweza padenga la eni.

A Nakhuwa ali ndi pikapu yakale imene imayenda Lamlungu lokha, kukatula nthochi ndi mapeyala ku Bvumbwe. Masiku enawa imangokhala, batire n'kumafooka. Ndiye anagula sola yaikulu ngati chitseko cha kabati, n'kukoka mawaya awiri kuchokera padenga mpaka pa batire, pakati popanda kalikonse. Masiku a ntchito amachotsa mawayawo dzuwa likafika pamutu. Koma Lachisanu amalumikiza dzuwa lisanalowe, osakhudzanso mpaka Sabata itatha. Nthawi ya chiperoni zinkawayendera, poti dzuwa linkabisala m'nkhungu. Uno ndi Okutobala.

Loweruka limenelo ndinkadutsa pochokera kugalaja ya esiteti, kumene ndimayang'anira mathalakitala ndi malole onyamula tiyi. Choyamba chinali fungo la dzira lowola. Nditayandikira galimoto ndinamva kubwata. Ndinatsegula boneti mwakachetechete. Batire linali litayamba kutupa m'mbali, lotentha, asidi akuchita thovu pa zitsekerero.

Batire lotere ndinaliwonapo likuphulika kugalaja kwathu. Makaniko anangokoka waya, kamoto kanathetheka, basi phuu! Lero munthuyo ali ndi diso limodzi, tsaya lake ngati linagwera m'phala lamoto. Mpweya wa batire lowira sudikira machesi, kamoto ka waya kokha n'kokwanira. N'chifukwa chake sindinakhudze mawaya. Ndinathamangira kudenga kukaphimba sola kuti moto uleke kubwera.

Koma mantha anga enieni sanali a diso langa. Mwana wanga Esinati ndi woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo mwezi wake ndi uno. Anamwino anamuuza kuti asayerekeze kuchirira pakhomo chifukwa magazi ake akuthamanga. Tsidya lino la mtsinje galimoto ndi imodzi yokha, ya a Nakhuwa, ndipo anandilonjeza kalekale kuti nthawi ikakwana adzamunyamula, kaya ndi pa Sabata. Ndiye m'batire lowiralo ine ndinkaona mwana wanga atagona pamphasa, galimoto itakana kulira.

Potsika ndinapinda lata limodzi ndi bondo. A Nakhuwa analiyang'ana, n'kuyang'ana ine, amvekere, "Bambo a Esinati, kuyambira lero phazi lanu lisapondenso pano."

Ndifunse inu owerenga: bwanji timagula sola n'kukana kabokosi kake? Ndikunena leguleta, kabokosi kokula ngati sopo wochapira, kokhala pakati pa sola ndi batire. Ntchito yake ndi ya mlonda wa pageti. Batire likakhuta kamatseka. Dzuwa likalowa kamaletsa moto kubwerera ku sola. Koma wogulitsa akangokatchula timati akufuna kutibera, n'kunena kuti, "Ndizichotsa ndekha mawaya." Muzichotsa nokha? Nanga tsiku la maliro? Nanga tsiku limene kapitawo wakugwirani m'munda wa tiyi mpaka madzulo? A Nakhuwa ndi munthu wosamala kuposa ambiri a inu, koma tsiku limodzi pa sabata manja awo ndi omangika. Dzuwa lilibe Sabata.

Pitani ku Kapichi, pitani kwa Changata, muona zomwezi: galimoto yoima, sola padenga, mawaya osenda ndi mano, ana akusewera phada pambali pake. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Ndiye ngati mwaganiza zogula leguleta, mverani, sindibwereza. Tembenuzani sola yanu, kuseri kwalembedwa maampi amene imatulutsa. Leguleta ikhale yopirira oposa pamenepo, osati ochepera. Mavoti ake agwirizane ndi batire lanu. Pikapu ndi ya thwelofu, malole ambiri ndi a twentefolo, musasakanize.

Musathamangire chileguleta chachikulu chowala magetsi ngati bala ya kumsika. Nachonso chimadya moto. Chiperoni chikagwa masiku angapo, chikumwerani batire lomwe chimayenera kulondera. Galimoto yoima imafuna yaing'ono, yodya pang'ono.

Ndipo samalani ndi zachinyengo. Ina ndinaitsegula ku Limbe, mkati munali waya umodzi ndi kababu kobiriwira, basi. Wogulitsa akakana kumasula masikuluwu kuti muone mkati, tulukani, musatsanzike n'komwe. Polumikiza yambani batire, sola pambuyo, fyuzi ikhale pafupi ndi batire. Ndipo batire la galimoto lisiyeni m'galimoto. Si loonera mpira pa kanema, si lotchajira mafoni a mudzi wonse. Tsiku limene mudzalifune lidzangolira kuti khe, khe, wodwala ali kumbuyo.

Zonsezi ndinkazidziwa Loweruka, koma sizinandithandize. Ndinafika kunyumba ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo, ndikufotokoza mmene ndapulumutsira galimoto. Esinati anali pakhonde, mapazi atatupa. Mayi ake anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwaphimba sola, zikomo. Nanga uyu zikamuyamba, mumunyamula pa chigudulicho?"

Esinati akangosuntha pampando, ndinkadzambatuka n'kusuzumira kwa a Nakhuwa.

Lamlungu m'mawa, belu la Misa kwathu likulira, ndinatenga sikuludiraiva n'kumasula leguleta ya m'nyumba mwanga momwe. Wailesi inangoti zii. Ndinanyamulanso fyuzi ndi botolo la madzi a batire, n'kukaima pageti pa a Nakhuwa.

"Odi!"

Anatuluka akutsuka mano. "Ndinati phazi lanu lisapondenso pano."

"Ndiye bwerani mudzandibereke, a mkulu, chifukwa kulowa kokha ndilowa."

Anandiyang'ana, n'kuona kabokosi m'manja mwanga. "Kodi lero si tsiku lanu lopemphera?"

"Ndi lomwelo."

"Lowani, muchimwe inunso," anatero akutsegula geti.

Batire linali litazizira. Ndinathira madzi, n'kulumikiza leguleta, kenako a Nakhuwa anakwera okha padenga kukachotsa chiguduli. Atapotokola kiyi, injini inabuula, inabuulanso, kenako inalira. Ndinawauza maso ndi maso kuti batire limene latupapo silikhala ndi moyo wautali, afunefune lina. Anati amva, koma nthochi za Bvumbwe zidikire kaye, galimoto sichoka pano mpaka Esinati atachira.

Tinaitembenuza, mphuno kuloza kumtsetse wotsikira kumsewu wa kuchipatala, kuti batire likadzakana tidzangoikankha. Ndinaika mwala kunsi kwa tayala, n'kuuponda kuti ndione ngati wagwira. Kenako ndinatambasula dzanja kuti andipatse kiyi ndisunge ndine.

A Nakhuwa anandidutsa, n'kupita kwathu kukapereka kiyiyo kwa mayi a Esinati.