Mabuku awiri a NyaMhango

Chitenje cha mayi Winifred NyaMhango chinamasuka n'kugwa pakati pa nyimbo, amayi onse a gulu la mpingo la Umanyano ku Katawa akuona. Mwayi wake mkati munali siketi. Eni ake amati inali mphepo ya Juni, koma ife tikudziwa kuti zala zinali zitakana kumanga mfundo.

Mayiwa ndi amene amaluka majuzi a ana asukulu ambiri kuno, ndipo kukhala pansi opanda chogwira sakudziwa. Zala zitayamba kutupa, m'mawa zili gwa ngati zikuni, anathamangira kuchipatala chapafupi ndi buku lawo lolembamo madokotala, n'kubwerako ndi mapilisi opha ululu. Kenako kunabwera chifuwa chouma, ndi wefuwefu pokwera kamtunda ka kumsika.

Apa ndiye anachita nzeru zawozawo. Anagula buku lina la kuchipatala, la chifuwa chokha, n'kumakwera kabaza kupita kuchipatala chakutali. Ankaopa a Peggy, oyandikana nawo khomo, amene munthu akatsokomola kawiri amakhala atalengeza kale TB mpaka ku Lupaso. Makhololo anayezedwa katatu, TB osapezeka. Zaka ziwiri zinatha ali pamsewu, lero buku la zala, mawa la chifuwa, majuzi osamaliza ataunjikana pampando, makolo akubwera kudzatenga ulusi wawo.

Zala zomwezo n'zimene zinawaulula. Tsiku lina ali pamaso pa dokotala, chikwama chinawapulumuka, mabuku onse awiri ali pansi. Dokotalayo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo Sekani, anatola n'kuwerenga.

"Mama, Winifred winayu ndi ndani?"

"Ndine ndemwe, adokotala. Ameneyo ngwa chifuwa."

"Ndiye mapapo ndi zala zimagona nyumba zosiyana?"

Anawagwira mfundo za zala imodziimodzi, anamvetsera kumsana, n'kuwatumiza kukayezetsa magazi ndi kukajambulitsa chifuwa. Zotsatira zitabwera anawauza kuti ndi matenda amodzi, nyamakazi ya mtundu wina imene imagwira mfundo ndi mapapo omwe. Akanabwera msanga, mapapowo akanapulumuka bwinoko.

Pano ali pamankhwala. Kamtunda kaja amapumirabe kawiri, koma singano zayambanso kuyenda. Nkhani yonseyi anaifotokoza okha pakhonde, akuyamika dokotala chomene. A Peggy anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati:

"Anyina Sekani, chifuwa chanucho ine ndinkachimva tsiku lililonse pakhoma pano. Amene munamubisira ndi dokotala yekha basi."