Zimene Mzungu Sananene

Ine bodza ndimadana nalo, koma ndinanamapo ku boma, m'zaka zija vidiyo itangofika ku Lundazi.

Mvula inatithamangitsila m'kanyumba ka vidiyo, ine ndi mkazi wanga NyaTembo. Ankaonetsa filimu ya mkazi wankhondo wa mkono wachitsulo, wouluka pakati pa nyenyezi, wa zipsela thupi lonse. Mzungu wina wamwamuna m'filimumo anamugwila dzanja mkaziyo n'kuyamba kulankhula.

"Akuti chiyani, aZimba?" anafunsa NyaTembo.

Chingelezi changa n'cha Sitandade Folo, ndipo sindinatolepo kanthu. Kuvomela pagulu sindikanatha. Ndinayang'ana chipsela cha pachipumi pa NyaTembo, chimene anabwela nacho pothawa ukwati woyamba. Zaka makumi atatu ndinali ndisanamuuzepo mawu okoma.

"Akuti zakale zako sindifunsa. Zikomo kuti unakhala nane."

Mphunzitsi wina kumbuyo anaseka. "Adada, akuti mafuta atha m'ndege."

Thukuta linanditsika ngakhale kunkazizila. NyaTembo sanatembenuke n'komwe.

"Aphunzitsi, inu mvelani mzungu wanuyo. Ine ndamva amuna anga."

Mpaka lelo sanandisekepo. Pakamwa panga ndi pouma, n'chifukwa chake ndikumuthokoza papepala.