Tsiku limene tinaika achimwene Fabiyano ndi uta wawo

Amene analipo ndiwatchule kaye, kuti wina asadzati Dominiko akunama. Analipo alamu anga a Magireta, akazi a malemu. Analipo Veronika, mwana wa malemu, namwino ku Lilongwe. Analipo mlongo wathu a Agnesi, akatekisiti a Mateyo, ndi mwana wanga Sitefano, uja amayendetsa lole yonyamula mbatata. Ndinalipo ine, mng'ono wawo wa achimwene Fabiyano amene tinali kuwaika. Ena onse linali khamu, a ku Lobi, a ku Mayani, a ku Bembeke, mayina sindingawathe.

Ndinadzidzimuka kusanache nditatsamira chipika pabwalo. Unali mwezi wa Julaye, ndipo chisanu cha kuno mukuchidziwa, chimalowa m'mafupa osagogoda. Amuna anali atagona mozungulira moto, ena m'majekete, ena atafunda masaka. M'siwa amayi ankaimbabe koma mawu anali atasasa. Nkhungu inatseka phiri lonse.

Achimwene anali mlenje wa uta. Mfuti sanaigwirepo, ankati imapatsa munthu ulesi. Ine uta ndinalibe, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa ntchito yanga inali pakamwa. Ndinkakwera kumtunda kwa phiri mame asanaume, n'kumatsika ndikukuwa, ndikumenya mitengo ndi chibonga, nyama n'kumathawira kukhwawa kumene achimwene abisala, mphepo ikuwaomba kumaso. Funsani wachikulire aliyense kuchokera kuno mpaka ku Lobi. Dominiko akakuwa kuphiri, amayi kumudzi ankayamba kusinja mchere. Tinagwetsa nguluwe, mbawala, ngoma zija zanyanga zopotana. Ntchefu tinagwetsa imodzi, yaikulu kuposa ng'ombe ya pangolo. Inatuluka m'tchire ikuthawa mawu anga, achimwene anaisiya ifike pafupi moti ankamva mpweya wake, ndipo muvi unalowa kuseri kwa phewa. Mudzi wonse unadya mpaka agalu anatopa ndi mafupa.

Zimenezo n'zakale. Phiri lija pano kumtunda kuli paini wokhawokha, kumunsi minda ya mbatata, ndipo pakati pamene panatsala mitengo anaotcha makala. Koma uta unalipo. Anausema ndi amalume athu, ndipo kubanja kwathu uli ndi mwambo wake. Mlenje akamwalira, bokosi litatsikira m'dzenje dothi lisanagwe, woulowa amaukunga pamaso pa anthu, n'kuponya muvi umodzi cha kuphiri, kuti nyama zidziwe kuti wapita ndi munthu, uta watsala. Ngati palibe woulowa, amadula nsinga, uta n'kuugoneka pabokosi, basi banja limenelo lasiya kukhala la alenje. Achimwene anaukunga pamanda a amalume. Ine ndinali pambali pawo.

Oyenera kuulowa anali ana a mlongo wathu. Wamkulu ali ku Joni, anangotumiza mawu pafoni. Wamng'ono anati mpingo umene analowa sulola zimenezo. A Agnesi anandiuza dzulo lake akulira kuti tingoudula nsinga, tisavutitse ana. Ndinawayankha kuti ine ndikupumabe.

Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti chaka chatha Sitefano anationetsa kanema pafoni yake. Kunali kudziko lozizira kwambiri, pansi poyera ngati ufa, mtengo wopanda ndi umodzi womwe. Munthu wovala zikopa ankakwawira chinyama chaubweya wofika pansi, chamutu ngati njati, ali ndi uta wamtengo ngati wathu. Achimwene anaonera ataiyandikitsa foni kumaso, n'kunena kuti munthuyo waponya msanga, akanadikira pang'ono. Kenako anaseka, anati kani padziko alipobe anthu. Ndinaona mmene mwana wanga ankawayang'anira tsiku limenelo, ndipo ndinasunga mumtima.

Ndiye m'bandakucha umenewo ndinapita kulole kumene Sitefano anagona, popeza anafika usiku ndi bokosi ndi nkhuni. Ndinagogoda pagalasi n'kumuuza kuti lero akunga uta wa bambo ake aakulu. Anati iye sanaugwirepo chibadwire. Ndinati manja amene amakweza matumba a mbatata sangalephere kamtengo, ndimuonetsa ine. Anakhala chete. Ine chete ameneyo ndinamutenga ngati wavomera.

Kutacha, adzukulu anatenga makasu kupita kumanda. Anyamata anaika masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Kuseri kwa nyumba amayi anasonkha moto m'mizere, utsi n'kumasakanikirana ndi nkhungu moti sunkadziwa kuti uwu ndi uti. Ena ankabwera ndi zidebe zamadzi pamutu, ena ankasankha nyemba, ena ankadula kabichi. Veronika anagula mbuzi kumsika. Ndinaima n'kuyang'ana akuisenda. Maliro a munthu amene anadyetsa mudzi ntchefu, ndiwo n'kukhala kabichi ndi mbuzi yogula. Koma mwana anachita mbali yake.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke, ndipo tsiku limenelo silinaoneke n'komwe. Ena pansi, ena panjinga, ena panjinga zamoto atapanikizana. Amayi ankayamba kulira akangoiona nyumba, n'kulowa m'siwa. Amuna ankavula zipewa, kutigwira manja, n'kukakhala pamiyala ndi pamabenchi a kutchalitchi. Okalamba amene anadyako nyama ya achimwene anali ochepa, wina anachita kumunyamula panjinga, miyendo ikulendewera.

Ndinatuma Sitefano kuti akatsitse uta. Kale unkakhala kutsindwi kwa khitchini yaudzu, wakuda bii ndi mwaye. Koma Veronika atawamangira makolo ake nyumba yamalata, ndipo miyendo ya achimwene itayamba kukana, iwo eni anapempha kuti uta ukhale pakhoma la pabalaza, moyang'anana ndi mpando wawo, kuti aziuona. Unakhala pamenepo zaka zambiri, pamisomali, pambali pa chithunzi cha Amayi Maria. Tonse tinkakondwa nawo, alendo ankaufunsa. Sitefano anachedwa m'nyumbamo. Potuluka anali ataukulunga m'chitenje pamodzi ndi phodo la mivi, akupukuta dzanja pathalauzi. Anandiyandikira ngati akufuna kundiuza kanthu. Nthawi yomweyo kunafika akuluakulu ochokera ku Mayani, ndipo ndinatembenuka kukawalandira.

Akatekisiti anali atandipempha kuti za utazo zichitike mapemphero atatha, ndiponso mosachulutsa mawu. Ndinavomera za nthawiyo. Za mawuzo sindinalonjeze.

Itakwana nthawi yolankhula a kubanja, ndinaimirira ine. Anandipatsa chimkuzamawu, ndinachikankhira kumbali. Chimenecho n'cha anthu opanda chifuwa. Ndinafotokoza za matenda mwachidule, ndinathokoza adzukulu ndi akhristu a mumphakati, kenako ndinanena za phiri. Ndinanena za ntchefu ija. Mayi wina kutsogolo anafunsa mnzake ngati ntchefu ndi mbalame, ndipo achinyamata ena anaweramitsa mitu akuseka. Ndinakweza mawu mpaka a kumsewu anamva.

"Uta wa a Fabiyano sulowa m'manda. Woukunga alipo, ndi uyo apo, mwana wanga. Mukaona ndi maso anu."

Anthu onse anatembenukira kwa Sitefano. Iye anangoyang'ana chitenje chimene chinali pamiyendo pake.

Tinanyamuka kukuwaza mvula yamawawa. Mtanda patsogolo, kwaya pambuyo pake, kenako bokosi likuyenda pamanja a amuna akulandirana. Njira yopita kumanda imadutsa m'minda ya mbatata, ndipo inali yoterera. Amayi anakwinya zitenje, nsapato kumanja. Alamu anga anawagwira mbali zonse. Ine ndinakana wondigwira. Ndinayenda pambuyo pa bokosi, Sitefano pambali panga, uta paphewa.

Kumanda n'kokhako kumene kwatsala mitengo yakale, misuku ndi miombo, poti nkhwangwa siilowako. Titangolowa ndinamva fungo la masamba onyowa, lomwe lija la kukhwawa kumene achimwene ankabisala. Dothi lofiira linali litaunjikidwa pambali pa dzenje. Akatekisiti anapemphera, anawaza madzi odalitsa, adzukulu anatsitsa bokosi, awiri n'kutsalira m'dzenjemo. Kwaya inamaliza nyimbo. Akatekisiti anatseka buku lawo n'kubwerera m'mbuyo. Adzukulu ena anatsamira makasu.

Ndinamuonetsa mwana wanga mmene amachitira. Nsonga imodzi pansi pafupi ndi phazi, bondo pakati, dzanja lamanzere kukokera nsonga yakumtunda, lamanja kukoleka nsinga. Anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti achite. Anaupinda pang'onopang'ono, mosamala ngati wanyamula khanda, ndipo nsinga inalowa. Okalamba aja anang'ung'udza movomereza. Ine ndinayang'ana a Agnesi kuti aone.

Ndinasankha muvi ndekha m'phodo, wa nthenga zosathothoka, n'kumupatsa. Ndinamutembenuzira kuphiri. Nkhungu inali itatseguka pang'ono, paini akuoneka m'mizere yake. Anakweza uta, anayamba kukoka. Pamenepo ine ndinadzaza chifuwa n'kukuwa mfuu yanga ija yakale, imene ndinali nditaisiya zaka zambirimbiri. Inatuluka yonse. Ana amene anali pamsana pa amayi awo anadzidzimuka.

Uta unathyoka nsinga isanafike pachibwano. Sunalire n'komwe mwamphamvu. Unangoti phwa, ngati phesi la chimanga lagwa mvula n'kuuma. M'kati munatuluka ufa wachikasu, unamwazika pajekete yakuda ya Sitefano. Mtengo wonse unali wofumbwa, kunja kokha n'kumene kunatsala. Utsi wa m'khitchini ndi umene unkausunga zaka zonse zija, ndipo pabalaza panalibe utsi. Muvi unagwera pa nsapato yake.

Mfuu yanga inali ikupitabe. Inakafika kuphiri n'kubwerera, tonse tinaimva. Kutchire sikunatuluke kanthu. Khwangwala mmodzi anauluka pamsuku, basi.

Palibe anaseka. Bwenzi zili bwino akanaseka, ndikanapeza womukalipira. Anthu anangoyang'ana pansi. Sitefano anaima ndi zidutswa ziwiri zikulendewera pansinga. Amene analankhula ndi alamu anga, amene chimwalirire amuna awo anali asanatulutse mawu ena kupatula kulira.

"Apatseni eni ake."

Mwana wanga anagwada pamphepete pa dzenje, anapereka zidutswazo kwa adzukulu, ndi phodo lomwe, ndi muvi uja ataupukuta matope. Anazigoneka pabokosi. Nsinga sitinachite kudula. Adzukulu anatuluka, makasu anayamba. Dothi lonyowa limalemera, limagwa ndi mawu amene munthu suwaiwala. Kwaya inayambanso. Poika nkhata zamaluwa akuti anaitana dzina langa mobwereza, ine osamva, mpaka Veronika anandigwira mkono n'kundiperekeza. Akatekisiti anafunsa ngati a kubanja ali ndi mawu otsiriza. Onse anayang'ana ine. Ndinapukusa mutu.

Pobwerera anthu ankayenda m'timagulu, akukambirana za mtengo wa feteleza ndi za mbatata imene yapsa ndi chisanu m'madimba. Pakhomo anasamba m'manja, anadya, anayamba kutsanzika. Mdala uja anabwera panjinga anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anamukweza n'kupita naye. A Agnesi sanandikumbutse zimene ananena dzulo lake. Anangondibweretsera tiyi, n'kumuika pafupi ndi phazi langa, ndipo anazizirira pomwepo.

Pofika madzulo mabenchi anali atabwerera kutchalitchi. Amayi anatsuka miphika yobwereka, aliyense n'kuzindikira wake. Pabwalo panatsala phulusa ndi zitsa zofuka. Nkhungu inatsikanso. M'nyumba munatsala abale ochepa, atagona pamphasa m'chipinda ndi alamu anga. Ine ndinakhala pabalaza, pampando wa achimwene. Pakhoma panali misomali ija, ndi mzere woyera pamene uta unkatchinga fumbi. Pansi pake, m'mphepete mwa khoma, panali kamulu ka ufa wachikasu kamene tsache linakaphonya.

Sitefano analowa, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, jekete ija ili pamwendo. Anati mawa anyamuka m'mamawa, katundu akumudikira. Ndinafuna kumufunsa zambiri, koma mfuu ija inali itanditsirizira mawu. Ndinangoloza kamulu kaja. Anakayang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Ndinauona m'mawa pomwe ndimautsitsa, bambo. Ndinadziwa kuti uthyoka. Ndimati ndikuuzeni, koma kenako munalankhula pagulu, ndiye ndinaona kuti kuli bwino uthyokere m'manja mwanga kusiyana n'kuti ndikukaneni anthu akuona. Komanso ngakhale ukanalimba, kuphiri kuja kulibenso choti muchikuwire. Tiyeni ndikuperekezeni kunyumba, kwazizira."