Masamba a Che Abdulmalik

Che Abdulmalik anayendetsa thiraki zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ngati pali munthu ku Chigumula kuno amene sanayenere kuzunzidwa ndi mathiraki paukalamba wake, ndi iwowo. Ine ndakhala nawo moyandikana kuyambira pamene mwana wanga Hilary ankayamwa. Chotilekanitsa ndi kampanda ka maluwa basi, choncho za kwawo ndimazidziwa, ndipo ndizinena mmene ndinazionera. Wofuna kukwiya akwiye, inenso ndine wokwiya kale.

Ndi bambo wamfupi, wa ndevu zoyera, wosalankhulalankhula. Zaka zonse zija ankanyamula katundu wa amwenye a ku Limbe, lero ku Beira, mawa ku Harare, mwezi winawo ku Joni. Kunyumba kwawo ankafika ngati mlendo, masiku atatu n'kunyamukanso. Akazi awo, che Amida, analera okha mwana wawo mmodzi, Sumayyah, ndipo ndi iwonso amene ankalimbana ndi amisiri pomanga nyumba. Tsiku limene bamboyo anabweza makiyi kwa abwana awo, anandiitana pampanda paja nkhope ili mwee.

“Amake Hilary, ulendo watha,” anatero. “Mayi awa ndawasiya okha mokwanira. Zaka zatsalazi ndikhala pambali pawo mpaka Mulungu atatiitana.”

Mtenderewo anaudya zaka ziwiri zokha. Kampani ina inagula munda wa chimanga kumapeto kwa msewu wathu, n'kuuzinga ndi mpanda wa njerwa, n'kuyamba kusungiramo mathiraki. Palibe amene anatifunsa. Msewu wathuwu ndi wadothi, wopapatiza, tinaulambula tokha ndi makasu kuti pazidutsa anthu, njinga ndi mawilibala. Tinangodzuka tsiku lina zimagalimoto za matayala osawerengeka zikudutsa pakhomo, mawindo akunjenjemera, nkhuku zikuthawira m'nyumba. Chovala ukachiyanika choyera, umakachianula chofiira. Ndiwo ukaziphika, m'kamwa mumangomveka mchenga.

Ife tinkadandaula za zovala ndi ndiwo, koma che Amida nkhani yawo inali ya mpweya. Anali ndi mphumu kuyambira kale, yongobwera nthawi yozizira. Fumbi lija litayamba, mphumuyo inakhazikika. Thiraki ikangodutsa, ndinkawamva kuchokera kwanga akutsokomola, kenaka kaphokoso kaja ka m'chifuwa ngati ketulo yoyamba kuwira. Anatseka mawindo, anaika nsanza zonyowa pansi pa chitseko, koma fumbi linkalowera m'malata. Chilimwe chimodzi chokha anagonekedwa m'chipatala katatu.

Mayiyo atatuluka m'chipatala ulendo wachitatuwo, Sumayyah, amene anakwatiwa ku Naperi, anafika atatopa nazo.

“Ababa, amama afera m'fumbi muno,” anatero, ine ndili pomwepo ndikuthandiza che Amida kupeta mpunga. “Ndipatseni ndikakhale nawo. Kwathu kuli phula, kuli mitengo.”

“Nanga ine?” anafunsa bamboyo.

Tonse tinkadziwa kuti nyumba ya ku Naperi ndi yaing'ono, yodzaza ndi ana, ndipo bambo wamkulu ngati uja sakanakagona pabalaza pa mkamwini wake. Komanso nyumba ya kuno ukaisiya yopanda munthu sabata imodzi, umadzapeza malata ndi zitseko zitasamuka. Kuwatenga che Amida kunali kuwalekanitsa anthu awiriwo, basi.

“Ine ndinawadikira zaka zonsezi,” anatero che Amida akupumira m'mwamba. “Ndiye ndiwasiye lero?”

“Mwanawe, ndipatse nthawi mpaka mvula,” anatero che Abdulmalik. “Mathiraki ndimawadziwa ine. Ndithana nawo.”

Anayamba ndi madalaivala, poganiza kuti ndi ana awo pantchito. Ankaima pambali pa msewu atavala mkanjo wawo woyera, n'kukweza dzanja. Ena ankaima. Ankawafotokozera mwaulemu kuti thiraki yolemera ukaiyendetsa pa giya yotsika siutsa fumbi, ndipo mphindi ziwiri zokha ndi zomwe ungataye. Anyamata aja ankangoseka. “Madala, zimenezo ndi za nthawi yanu. Ife bwana amatiwerengera nthawi.” Wina anawaombera hutala kumaso, mkanjo uja n'kusanduka wofiira mpaka m'khosi.

Anapita kwa bwanayo, a Peterson, munthu wa mawu okoma ngati wogulitsa mankhwala m'basi. Anawapatsa mpando, anawapatsa fanta, n'kulonjeza galimoto yothira madzi mumsewu m'mawa ndi masana. Inabweradi, kawiri. Tsiku lachitatu akuti pampu inawonongeka, ndipo mpaka lero ikukonzedwabe.

Za ku ofesi ya m'tauni yoona za misewu ndikazikumbukira mtima umandiwawa. Munthu wamkulu kukwera minibasi kasanu ndi kawiri, kalata ili m'manja, mayina athu tonse tasainapo. Abwana ali kumsonkhano. Abwana apita kunyanja ku maphunziro. Kalata yanu ija sikuoneka, lembani ina. Chinali chaka cha chisankho, ndiye a zipani zitatu anabwera motsatizana, aliyense kulumbira kuti akangopambana phula lifika pakhomo pathu. Anatisiyira zitenje za nkhope zawo. Changa ndinachitsekera pawindo, ndipo ndi ntchito yokhayo imene nkhope ija inandigwirirapo.

Tinayesanso mahampu, timitumbira topingasa msewu kuti galimoto zisamathamange. Amuna a mumsewu wathu anakumba Loweruka lonse, che Abdulmalik akuwalozera poyenera. Sabata isanathe mathiraki anali atawasalaza.

Mwezi wa Okutobala unafika, dzuwa likuswa mtengo, mvula kulibe. Che Amida anasiya kutuluka panja. Anthu mumsewu tinayamba kufunsana motsitsa mawu, “Kodi mayi aja adzuka bwanji lero?” Bamboyo ankangokhala pakhonde, maso ali pamsewu, akuganiza. Zimene ankaganizazo sanauze munthu, ngakhale akazi awo.

Mukudziwa mmene timachitira pakagwa maliro. Timathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala mopingasa msewu, uku ndi uko, kuti wodutsa adziwe. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amazimitsa wailesi n'kuyenda ngati akuponda mazira. Che Abdulmalik pa zaka zawo zonse za pamsewu anali asanaonepo dalaivala, kaya woledzera kaya wamwano chotani, akuthamanga pa masamba a maliro. Ndiye Lachiwiri lina, pochokera ku mzikiti ku mapemphero a m'mawa, anatenga chikwanje n'kusadza nthambi za mtengo wa keshiya. Anayala zina kumtunda pafupi ndi mjigo, zina kumunsi pafupi ndi chigayo. Pakati pake panali nyumba zoposa makumi awiri, ndipo anaganiza kuti palibe angadziwe kuti masambawo akuloza khomo liti. Atatero anakakhala pa mwala kuseri kwa chigayo kuti aone zotsatira.

Kulakwa kwawo kunali kumeneku. Masamba aja anawazolowera kuwaona ali pamwamba m'thiraki, akudutsa m'midzi ya eni. Anaiwala mmene amaonekera kwa munthu amene waima pakhomo pake, amene akudziwa nyumba iliyonse ndi wodwala wake.

Ine ndinatuluka ndi tsache cha m'ma sikisi. Chinandidabwitsa choyamba ndi bata. Thiraki inali kubwera, inde, koma ikukwawa, injini ikungong'ung'udza, fumbi osafika ndi m'mawondo momwe. Dalaivala, yemwe uja wa hutala, anali atavula kapu. Nditayang'ana kumtunda ndinaona masamba. Sindinafunse munthu. Tsache linagwa lokha, ndinamanga chitenje, n'kudumpha kampanda kaja ndikulira.

Ndine ndinayambitsa, ndikuvomera. Amayi ena atamva mawu anga anatuluka, ndipo mphindi khumi zisanathe bwalo la che Amida linali litadzaza. Chitseko chinali chotseka monga mwa masiku onse, ife tinangoti akusambitsa thupi. Asilamu sachedwetsa maliro, amaika tsiku lomwelo, choncho uthenga unathamanga kuposa ife. Shehe Mikaili wa pamzikiti wathu anafika ndi amuna asanu ndi mmodzi. Ena anali atapita kale kukatenga jeneza, chonyamulira maliro chija, ena atanyamula makasu kulowera kumanda.

Polira munthu umalankhula, ndipo ine ndinalankhula zimene zinali mumtima. “Tinkanena ife! Fumbi lija lawatenga! Mwana anapempha kuti awatenge, bambo aja kukakamira! Awapha ndi chikondi chawocho!” Amayi ena ankavomereza, “Eee, awapha ndithu.”

Chitseko chinatseguka. Che Amida anaima pakhomo atagwira felemu, mpango uli kumutu, kamankhwala kawo kopopera m'kamwa kali m'dzanja.

“Amake Hilary,” anatero, “mukulira ndani?”

Ena anathawa mpaka kugwetsa mpanda wanga. Ine ndinangokhala pansi pomwepo, kukamwa kuli yasa, misozi ikadali m'masaya. Mayiyo anatiyang'ana mmodzimmodzi, anayang'ana Shehe, kenaka anayang'ana jeneza imene inali ikulowa kumene pageti. Anali atamva zonse zimene ndinanena, ndipo sanandifunsenso kachiwiri.

Nthawi yomweyo che Abdulmalik anatulukira akuyenda mwachangu, chikwanje chili m'manja, akumwetulira. Ankabwera kudzauza akazi awo kuti atsegule mawindo, mathiraki asanu ndi atatu adutsa popanda fumbi. Ataona khamu lija, kumwetulira kunathera panjira.

“Che Abdulmalik,” anatero Shehe Mikaili mosakweza mawu, “masamba aja mwaika ndinu?”

“Ndine.”

“Mwalakwa kwambiri. Zimenezi si zoseweretsa. Anthu asiya ntchito zawo, ena akukumba kumanda panopa.”

Bamboyo anagwedeza mutu kuvomera. Kenaka anafunsa, “Koma Shehe, ndani wakuuzani kuti ndi kwanga kuno? Masamba ndayala ku mjigo ndi ku chigayo. Nyumba zonsezi, bwanji mwabwera pakhomo panga?”

Atatero anatembenukira kwa ine.

“Amake Hilary, munafunsa kuti wamwalira ndani?”

“Sindinafunse,” ndinatero.

“Inu Shehe, munafunsa?”

“Sitinafunse, bambo.”

Ndinaona nkhope ya munthu uja ikugwa. Msewu wonse, Akhristu ndi Asilamu omwe, tinkangodikira tsiku la akazi awo, ndipo amene sankadziwa anali iwo okha. Anaika chikwanje pansi, anapepesa kwa Shehe, anapepesa kwa amayi amene anatsala, n'kutuma munthu kumanda kuti akaletse okumba. Kenaka anapita okha kukachotsa masamba aja, nthambi imodziimodzi, n'kukaziponya m'ngalande. Ola lisanathe madalaivala anali atauzana, ndipo thiraki yotsatira inadutsa ngati ikuthawa moto.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga umafika pakhosi. Ndiye kuti amatha! Anthu aja kuyenda pang'onopang'ono amatha, giya yotsika amaidziwa, ndipo m'mawa umene uja palibe katundu wa a Peterson amene anawola chifukwa cha mphindi ziwiri. Mtembo amaupatsa ulemu mpaka kuvula kapu. Koma mayi wamoyo amene akungopempha mpweya m'nyumba yake yomwe, ameneyo ayi, ayambe wafa kaye. Shehe ananena zoona kuti bamboyo analakwa, koma ine pa anthu olakwa mumsewu uno che Abdulmalik ndimawaika kumapeto.

Masana omwewo anaimbira foni Sumayyah. Ndinamva ndili kwanga, chifukwa munthu wozolowera phokoso la injini salankhula motsitsa pafoni. “Mwanawe, bwera udzawatenge amako. Lero lomwe.”

Sumayyah anafika ndi galimoto ya amuna ake cha m'ma folo. Che Amida anakana kulongedza, ndiye bamboyo analongedza okha, zitenje, mipango, mankhwala, mkeka wopempherera. Sankadziwa kupinda zovala za chizimayi, ankangozikhwinyira m'chikwama. Ine ndinalowa kuti ndithandize, komanso kuti ndipepese, koma mayiyo sanandiyang'ane. Maso awo anali pa amuna awo.

“Bambo a Sumayyah, mukundithamangitsa?”

“Ayi.”

“Nanga n'chiyani? Munati mpaka mvula.”

“Ndinatero.” Anatseka zipi ya chikwama n'kukhala pamphepete pa bedi. “Lero ndaona jeneza yanu ikulowa pageti panga, ndipo ndaiitana ndine. Sindikufuna kuionanso. Bola ndizikwera minibasi ziwiri kudzagogoda pakhomo pa eni, ndikupezeni mukupuma.”

Che Amida anadzuka okha, anakana dzanja langa, n'kugwira la amuna awo mpaka pagalimoto. Sumayyah anakweza magalasi onse chifukwa cha fumbi. Bamboyo anaima pageti, dzanja lili m'mwamba. Galimoto itayenda pang'ono, ndinaona mayiyo akutembenuka pampando wakumbuyo kuti awaone amuna awo, koma thiraki ina inali italowa kale pakati pawo, ikuomba hutala kuti Sumayyah apatuke.